Tulo ta Tiyese

"Mankhwala amenewo asalowe m'chikwamamo. Mwandimva, chemwali?"

A Langton analankhula ataima pakhomo penipeni, atatseka kuwala konse. Mlongo wawo wamng'ono, a Liness, anali atagwada pamphasa akupinda zovala za mwana wawo Tiyese. Kapulasitiki ka timapilitsi toyera anali atakabisa kale pakati pa zitenje ziwiri, koma maso a achimwene awowo sankaphonya kanthu.

"Achimwene, adokotala ananenetsa kuti asadumphitse ngakhale tsiku limodzi."

"Adokotalawo ndi amene akum'kwatira?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye khalani chete ndinene. Mwanayu ndi mbumba yanga. Chinkhoswe chake ndayendetsa ndine, nsapato zanga zathera m'njira ya ku Thambani. Lero apongozi ake amuitana kuti akawathandize kuthyola manachesi, inu mukuyesa nkhani ndi manachesi? Akufuna amuone ukwati usanadalitsidwe. Aone ngati amalawirira, ngati amasesa, ngati madzi osamba amafika kubafa dzuwa lisanatuluke. Nanga uyu akamwa timbewu taketo amadzuka nthawi yanji?"

Tiyese, mtsikana wamtali wofatsa, anali atakhala pakona akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Apa tinene zoona, a Langton sananame. Timapilitsi ta khunyuto tinam'chotsera Tiyese kugwa, koma tinam'senzetsa tulo. Akamwa madzulo, m'mawa ankadzuka nkhuku zitatopa kale ndi kupalasa, maso ali olemera, akuyenda dzandidzandi ngati walawa kachasu. Ukam'funsa kanthu, yankho linkachita kuyenda pansi kuchokera kutali. Kumunda ankalima pang'ono n'kukhala pansi atagwira mutu. Anthu a pamudzi, amene pakamwa pawo sipapita kutchuthi, anam'patsa dzina loti Natulo.

Amayi ake okha ndi amene sankanyansidwa nato tuloto. Iwo anamuonapo mwanayo akuphupha pafumbi, thovu lili kukamwa, anthu atazungulira patali ngati aona njoka. Pakati pa zimenezo ndi tulo, a Liness anasankha tulo kalekale.

"Zaka ziwiri tsopano sanagwepo," anapitiriza a Langton. "Ameneyu anachira. Mukungom'ledzeretsa mwana ndi mankhwala a ulere."

"Sakugwa chifukwa akumwa, achimwene. Bwanji tingowauza anthuwo chilungamo? Paja akuluakulu amati mukabisa matenda, maliro tidzamva."

A Langton anaseka kuseka kopanda mano kunja.

"Chilungamo! Mwaiwala mnyamata wa kwa Nthache uja? Si inu munamuuza chilungamo? Kutacha anatuma mlongo wake kudzalanda foni, ndi tchaja yomwe. Mwanayu analira mwezi wathunthu, ndikunama? Tsopano Mulungu watipatsa Trust, mnyamata wosamwa, wa njinga yakeyake ya kabaza, inu mukufuna mum'thamangitsenso ndi kapulasitiki. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, chemwali. Alowe kaye m'banja. Zinazo tidzaona ali kale m'nyumba."

"Nanga akakagwa kumeneko?"

"Mukum'temberera mwana wanu yemwe?"

Kuyambira ali ana, mawu a a Langton ankawatsekera a Liness pakamwa ngati chitsekerero cha botolo. Bambo a Tiyese atamwalira, ndi achimwene omwewa amene anafolera nyumbayi ndi kulipira sukulu ya mwanayo. Munthu wotere umam'tsutsa poyambira pati?

A Langton anatembenukira kwa Tiyese, mawu atawafewetsa, pakuti mwanayo ankam'konda ndithu mwa njira yawo.

"Iwe mphwanga, tamvera. Kuchipongozi kuli misampha. Akakuuza kuti pumula, usapumule. Akati gona, ntchito ndigwira ndekha, dziwa kuti ndi mayeso amenewo, akufuna aone ngati ndiwe waulesi. Tambala akangolira, tsache m'manja. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Nanga mankhwalawa?"

Tiyese anadzutsa mutu n'kuyang'ana amayi ake. M'maso mwake munali misozi, komanso munali chinthu china chimene a Liness anachizindikira, chifukwa nawonso anakhalapo mtsikana.

"Amayi, atulutseni. Ndi masabata awiri okha. Sindikufuna a Trust akandione ndikudzandira pamaso pa amayi awo. Kumeneko sakundidziwa kuti ndine Natulo."

A Liness anapisa dzanja pakati pa zitenje zija n'kutulutsa kapulasitikiko. A Langton anati kakaponyedwe kuchimbudzi, koma iwo anadikira achimwenewo atembenuke, n'kukamanga pamfundo ya chitenje chawo, pamene amayi ena amamangapo ndalama ya mchere.

Masiku oyamba zinaoneka ngati a Langton analosera bwino. Tiyese anaimba foni mawu ali see, akuthamanga ngati a mwana wasukulu.

"Amayi, mutu wanga wayera! Ndikumadzuka anthu onse ali m'tulo. Dzulo ndathyola madengu ambiri kuposa aliyense, ogula a ku Blantyre mpaka anandiyamikira."

"Apongozi ako akukusunga bwino?"

"A Dyna ndi munthu wabwino, amayi. Kungoti mayeso awo ndi ambiri. Tsiku lililonse amati ndizigona, pamoto ndisamafike. Koma ine ndikukumbuka mawu a amalume."

A Liness anaseka nawo, ndipo usiku umenewo anagona mtima uli m'malo. Ndani safuna kumva mwana wake akusangalala? Anafika mpaka poganiza kuti mwina mwanayo anachiradi, iwo ndi amene ankam'zunza ndi mantha awo.

Koma sabata itatha, mawu a pafoni anasintha. Anali othamangabe, koma ngati a munthu amene akuthamangitsidwa.

"Tulo sitikubwera, amayi. Ndimangotembenuka mpaka kucha. Manja akumanjenjemera, dzulo ndaswa kapu ya eni ake."

"Fungo lija ukulimva? Lija umalimva ukatsala pang'ono kugwa?"

Tiyese anatsitsa mawu.

"Kamodzi kokha. Musawauze amalume."

A Liness sanamvere. Anapita kwa achimwene awo, anawapeza akusoka thumba la nandolo pakhonde.

"Achimwene, mwana uja sali bwino. Sakugona."

"Ha! Poyamba mumadandaula kuti akugonetsa, lero mukudandaula kuti sakugona. Akazi inu mumafuna chiyani kwenikweni?"

"Ndikufuna ndim'pititsire mankhwala ake."

"Munawasunga?" A Langton anabaya singano m'thumba n'kuisiya momwemo. "Mukafike pakhomo pa eni ake, apongozi athunthu osaitanidwa, mukati mwadzatani? Mukatulutse mapilitsi anthu akuona? Kwatsala masiku owerengeka, chemwali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musagwetse nkhokwe ine nditamanga kale denga."

A Liness anabwerera kwawo akudzitukwana mumtima chifukwa cha mantha awo. Anatsimikiza kuti Lamulungu akangoweruka kutchalitchi adzapita ndithu, achimwene afune asafune, adzanamizira kukagula mchere ku Thambani. Koma tsoka silinunkha, ndiponso silidikira kuti anthu aweruke kutchalitchi.

Loweruka m'mawa, kukuzizira kwa mwezi wa Juni, a Liness akusesa pabwalo, anamva belu la njinga. Trust, monga mkamwini wodziwa mwambo, nthawi zonse ankatsikira patali pamtengo wa mango, n'kunjuta, n'kumalankhula akuyang'ana pansi. Tsiku limeneli njinga inafika mpaka pakhonde. Mnyamatayo anali thukuta lokhalokha, malaya atavala chotembenuza. Atazindikira pamene waima, anabwerera m'mbuyo n'kunjuta.

"Amayi, Tiye wapsa. Ali moyo, ali kuchipatala ku Thambani. Kwerani."

Tsache linagwa lokha. A Liness anayang'ana kampando ka kumbuyo kwa njingayo. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Kukwera njinga imodzi, msana ndi mphuno kuyandikana, ndi nkhani yoti mudzi ungaisimbe mpaka dzinja. Anakokera chitenje chawo n'kukwera.

Anagwira zitsulo za pansi pa chishalo kuti asakhudze mkamwini. Njinga inatsetsereka kudutsa minda ya nandolo, ndipo kwa nthawi ndithu kunkangomveka tcheni. Koma njinga ili ndi ubwino wake: wopalasa saona nkhope ya wokwera, wokwera saona nkhope ya wopalasa. Mawu amene sakanatheka pabwalo anatheka pamenepo.

"Zachitika bwanji, bambo?"

"Anadzuka kusanache kukatereka madzi osamba. Anagwera pamoto, dzanja lamanja linalowa m'makala. Atafika naye kuchipatala anagwanso kawiri, mpaka anam'baya jakisoni."

Bodza la a Langton linafika pakamwa pa a Liness lokha, ngati mwana wozolowera njira.

"Mwina ndi malungo. Malungo a chaka chino akumabwera ndi chizungulire..."

"Amayi, musavutike. Ndimadziwa."

"Mumadziwa chiyani?"

"Za khunyu."

Njinga inagunda mwala, a Liness anatsala pang'ono kugwa. Trust anawongola n'kupitiriza kupalasa, akulankhula ndi msewu.

"Tsiku la anthu a matenda amenewa kuchipatala kuja, ife a pasiteji timalidziwa, chifukwa ndi tsiku la makasitomala ambiri. Mwezi ndi mwezi Tiye ankakwera njinga inoyi, n'kunena kuti nditsitseni pamsika ndikagule sopo. Ndikam'tsitsa ankazungulira kuseri kwa okazinga tchipisi, n'kukaima pamzere wa kuchipatala. Pobwerera, sopo wakeyo sindinamuonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinam'funsira ndikudziwa, amayi."

"Nanga osanena bwanji, mwana wanga?"

"Ndinkadikira andiuze yekha. Ndinkaona ngati ndikayamba ine ndim'chititsa manyazi, mwina athawa. Amayi anga ndinawauza chinkhoswe chisanachitike. Anangofunsa kuti, kodi amamwa mankhwala? Ndinati eya, saphonya. Iwo anati basi, inenso shuga wangayu ndimamwera mapilitsi, palibe anandibweza kwathu."

Anafika pachitunda. Trust anaimirira pamapedulo, akupuma mwa befu, koma sanalole kuti apongozi ake atsike.

"N'chifukwa chake atangofika, amayi anamuuza kuti uzigona mwana wanga, pamoto usamafike, madzi nditereka ndekha. Amadziwa kuti mankhwala aja amagonetsa. Koma m'mawa uliwonse ankapeza wasesa kale, moto wasonkha. Ife tinkangoti mwina thupi lazolowera, akumwa mobisa monga mwa masiku onse. Lero tafufuza m'chikwama mwake, mankhwala sitinawapeze. Kodi anasiya liti, amayi?"

Mfundo ya chitenje inkawagunda a Liness pantchafu njinga ikadumpha. Analira mwakachetechete kumbuyo kwa mkamwini wawo, ndipo mnyamatayo, pokhala wolera bwino, anayamba kuliza belu popanda munthu panjira kuti asawamve.

Tiyese anam'goneka pabedi la pafupi ndi windo, dzanja atalikulunga nsalu zoyera mpaka m'chigongono. Anali m'tulo ta jakisoni. Pambali pake panakhala mayi wamfupi wonenepa, manja onse awiri atamangidwa, atawaika pamiyendo ngati wanyamula mazira. Anali a Dyna, amayi a Trust.

"Mwafika, asewere," anatero a Dyna.

"Manja anuwo..."

"Aa, ndi khungu chabe, limera. Ndinamva chidebe cha madzi chikugubuduka, potuluka ndinapeza mwana ali pamoto akuphupha. Anzanga oyandikana nawo anafika msanga, ine ndinayesa adzandithandiza. Anaima uko, kumangokuwa kuti musam'gwire mayi, thovulo likakukhudzani mutengera! Anthu akuluakulu, ena a kwaya. Ine ndinati ngati n'kutengera nditengere, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinafumula makalawo ndi manja n'kum'koka."

A Liness anagwada pansi pa simenti, pafupi ndi mapazi a mayiyo.

"Asewere, pepani. Mlandu ndi wanga. Tinakubisirani, ndiponso..."

Asanamalize analowa adokotala, bambo wachinyamata wooneka kuti sanagone bwino.

"Amayi ake ndi inu? Mwanayu ndimam'dziwa, saphonya tsiku lake. Mwezi uno analandira mankhwala. Ali kuti?"

M'chipindamo munali odwala ena ndi owadikirira, onse makutu ali tcheru, pakuti nkhani ya mnzako kuchipatala ndiye wailesi. A Liness anayamba kumasula mfundo ija. Inali italimba ndi thukuta la masiku onsewo, mpaka anachita kuiluma ndi mano. Anatulutsa kapulasitiki kodzaza n'kukapereka ndi manja awiri.

Adokotala anakayang'ana, n'kupuma mozama. Sanakalipe, ndipo a Liness anaona kuti kukalipa kukanakhala bwino.

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Amam'gonetsa kwambiri. Timaopa kuti kuchipongozi akamuyesa waulesi."

"Za tulozo munabwera kudzatiuza?"

"Ayi. Tinkayesa ndi mmene amakhalira mankhwalawo, munthu ungopirira."

"Amagonetsadi, sindikukana. Ena amawapatsa chizungulire, ena amaiwalaiwala. Koma mukanatiuza tikanaona chochita, kaya kuchepetsa pang'onopang'ono, kaya kusintha nthawi yomwera, kaya kum'tumiza ku boma akam'patse mtundu wina. Choopsa ndi kusiya mwadzidzidzi. Matenda amabwerera ndi ukali woposa poyamba, ena amapita nawo. Ndiponso poti akulowa m'banja, asanaganize za mwana abwere kaye ndi bamboyo tidzakambirane za mankhwala oyenera."

A Liness anafunsa funso limene linkawadya njira yonse.

"Adokotala, kwathu amati wa khunyu akangopsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso."

"Limenelo ndi bodza, ngati bodza la thovu lija. Kugwaku tikuletsanso, akangoyambiranso kumwa. Chimene sindingakulonjezeni ndi dzanjali. Mawa galimoto im'tengera ku boma akalione bwino. Zala ziwirizi mwina sizidzatambasukanso."

Adokotala atatuluka, a Liness anakhalabe chogwada. Zala ziwiri, za dzanja lamanja, la khasu ndi la singano. Anazipereka iwo pobisa chinthu chimene siteji yonse ya kabaza inkachidziwa.

"Pepani, asewere," anateronso.

"Pepani sapoletsa chilonda," anayankha a Dyna, koma mawu awo analibe minga. "Nafenso tinalakwa, tinadziwa n'kukhala chete, kumayesa ndi ulemu. Dzukani pansipo mukhale apa. Manja anga ndi awa mukuwaonawa, nanga mwanayu akadzuka am'mwetsa phala ndani? Ndi ine ndemwe mundimwetsa."

Chakumadzulo Tiyese anatsegula maso. Anayang'ana dzanja lake, anayang'ana amayi ake, kenako anaona a Dyna n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Amayi, a Trust amva?" ananong'ona.

"Anadziwa kalekale, mwana wanga. Asanakufunsire n'komwe."

"Bodza."

"Afunse wekha, si awo ali pawindo."

Trust anali panja, poti m'chipinda cha amayi sakanakhalamo apongozi ali momwemo. Anapisa m'thumba la malaya n'kuika kanthu pawindo. Anali sopo wofiira wosatsegula.

"Ndakugulira, Tiye," anatero. "Chaka chonse wakhala ukum'funafuna pamsika osam'peza."

Tiyese anafuna kuseka, kuseka kunasanduka kulira, ndipo analira nthawi yaitali amayi ake atam'gwira mutu. Nesi atabwera ndi mankhwala a madzulo, mtsikanayo anatambasula dzanja lamanja mwachizolowezi, n'kukumbuka. A Liness anatenga kapilitsiko, anakaika palilime la mwana wawo anthu onse akuona, n'kum'mwetsa madzi.

"Mawa ndikachedwa kudzuka?" anafunsa Tiyese, akuyang'ana apongozi ake mwamantha.

"Uchedwe," anatero a Dyna. "Ine ndikati gona, ndimatanthauza gona."

Kutacha, dzuwa linakwera mpaka kulowa pawindo, galimoto ya ku boma isanafike. Odwala ena anali atasamba kale, ena akumwa tiyi. Tiyese anali m'tulo tofa nato, kukamwa kuli pululu, monga ankagonera kwawo masiku onse aja anthu ankamuseka. A Dyna ankaingitsa ntchentche ndi manja awo omangawo.

Kunja kunamveka mawu odziwika, akufunsa anthu mokweza kuti chipinda cha amayi ndi chiti. A Liness anadzuka msanga. A Langton anawapeza mlongo wawo ataima pakhomo penipeni.

"Chemwali, ndamva usiku. Tamverani, tisanalowe tigwirizane chimodzi. Tiwauze kuti ndi malungo aakulu, a Dyna sangadziwe kusiyanitsa. Ukwatiwu ukhoza kupulumukabe ngati..."

"Achimwene, tsitsani mawu. Mwana akugona."

A Langton anadabwa. Chibadwire mlongo wawoyu anali asanawadulepo pakamwa.

"Akugona? Dzuwa lonseli, apongozi ake ali pompo?"

"Dzuwa lonseli. Ndipo agona mpaka tulo take tithe."

A Langton anasuzumira pamwamba pa phewa la mlongo wawo. Anaona dzanja la mphwawo litakulungidwa, anaona manja a a Dyna akukwera ndi kutsika pamwamba pa nkhope ya mwanayo, anaonanso kapulasitiki kaja kali poyera pakabati, pambali pa sopo. Anatsegula pakamwa, koma a Liness sanasunthe pakhomopo.

Bamboyo anavula chipewa, anabwerera chanyonyomba kuti nsapato zisalire, n'kukakhala pabenchi ya panja kudikira kuti Tiyese adzuke.